Dzina Limene Makina Anasunga

Mwamuna wanga ndinamuika m'manda nditaima kumbuyo kwa anthu, ngati munthu wongobwera kudzapepesa. Pamphasa ya namfedwa panakhala mkazi wina. Amene ankadziwa nkhaniyi anatha onse, ndiye ndaona kuti ndiilembe mmene ndingathere. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3.

Dzina lake anali Yotamu Phiri, wa ku Dedza. Koma kuno ku Halale, mumzinda umene azungu ankautcha Salisbury, ankagwira ntchito ndi dzina la mkulu wake, Aroni. Aroni ndiye anayamba kubwera, ndipo anagwira zaka zambiri pafakitale ina ya zitsulo ku Workington. Chifuwa chitamuvuta anabwerera kumudzi. Nthawi imeneyo mlendo watsopano wochokera kwathu sankamulemba ntchito m'tauni, ankamutumiza ku mafamu a fodya. Choncho Aroni anapatsa mng'ono wake chitupa chake, nambala yake ya kuntchito, ndi kalata ya ukwati wake ndi Esinati, imene inkasunga nyumba ya ku komboni ya Mufakose. Nkhope zawo zinali zofanana. Ambiri ankachita zimenezi. Kalaliki wa pafakitalepo, a Banda, anali akwathu. Ankadziwa zonse, ndipo buku la antchito ankalemba ndi pensulo.

Ine ndinamutsatira chaka chimene azungu a kuno anakana mfumukazi n'kuyamba kudzilamulira okha. Ndinayenda pa sitima kudzera ku Mozambiki, mwana wathu Rute ali kumsana. Pasiteshoni Yotamu anandilandira katundu, ndipo asanafunse n'komwe za kumudzi anandiuza kuti, "Kuno ine ndine Aroni, inu ndinu Esinati. Musaiwale."

Ndinaseka. Esinati ndi ine tinkakangana ngakhale pa mtondo umodzi wokha, ndiye lero ndikhale iyeyo? Koma apolisi a komboni akabwera kudzawerenga anthu a m'nyumba, ndinkayankha dzina lakelo. Akazi achishona a mumzere wathu ankatitcha mabhurandaya, kutanthauza obwera a ku Malawi, ndipo iwonso ankandidziwa kuti Esinati. Kutchalitchi kokha ndi kumene ndinali Dolika.

Patapita zaka, fakitale inagula kompyuta. Mayiko anali atakana kugulitsa katundu kwa azungu a kuno, choncho inabwera mobisa kudzera ku Joni, m'mabokosi olembedwa kuti muli mapampu a madzi. Yotamu anali mmodzi mwa amene anainyamula. Anabwera kunyumba mapewa atasupuka, akuti dzina la amene anaipanga linali litapalidwa ndi tupa. Anaimangira chipinda chakechake chopanda mawindo, ndipo padenga anaikapo chimakina chopopera mphepo yozizira, chifukwa ikatentha inkasokonezeka. Amuna a kung'anjo ankakomoka ndi kutentha, koma chipindacho chinkazizira ngati mwezi wa Juni. Antchito anachitcha mochale.

Ankafuna mkazi wosesa mmenemo, ndipo Yotamu anandiuza kuti ndikayese. Anandichenjeza kuti ndikanene kuti ndine Esinati. Koma m'mawa umenewo ndinatenga khadi langa la ubatizo. Ndinali nditatopa. Ndinkafuna kuti pakhale malo amodzi pomwe thukuta langa lilembedwe pa dzina langa. Mtsikana wachizungu wa muofesi atandifunsa, ndinati ndine Dolika. Atafunsa ngati ndili pabanja, ndinavomera. Atafunsa dzina la mwamuna, sindikanatha kunena la mlamu wanga. Ndinati ndi Yotamu Phiri, ali kumudzi ku Malawi.

Yotamu sanandilankhule masiku awiri. Kenaka anayamba kundinyogodola kuti ndimupatsire moni mwamuna wanga wa kumudziyo. Kuyambira pamenepo tinkatsika basi imodzi, koma pageti tinkalowa motalikirana. Anthu akuda onse a pafakitale ankadziwa. Azungu sankadziwa.

M'chipindamo simunkalowa nsapato, tsache kapena madzi. Ndinkapukuta ndi kansalu kofewa, n'kuyendetsa makina oyamwa fumbi, nditavala juzi ya Yotamu. Mkulu wa chipindacho tinkamutcha Bwana Sokosi, chifukwa ankayenda ndi masokosi okha ndipo sankamveka akamabwera. Nkhondo ya ufulu itakula ankasowa milungu ingapo kupita kutchire ndi asilikali, n'kubwera atawonda, mfuti ataibisa pansi pa tebulo.

Wokonza makinawo anali a Jemusi, mkaladi, amene mayi awo anali a ku Zomba. Chinyanja chawo chinali chopindika koma chinkamveka. Tsiku lina anasolola kathabwa kobiriwira m'mimba mwa kompyuta n'kundionetsa tinthu takuda tondandalikana pamenepo. Kalikonse kanali kochepa kuposa chala changa chaching'ono, ka timiyendo tasiliva mbali zonse ziwiri. Ndinati tikufanana ndi nkhupakupa. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati makina oyambirira, amene anawaonako ku Joni ali mnyamata, anali odzaza ndi magalasi ngati mababu, otentha, ndipo tsiku lililonse lina linkapsa. Kenaka kunabwera tinthu ta miyendo itatu, timene anthu ankatilumikiza kamodzikamodzi ndi mawaya. Tsopano anzeru anapeza njira yoika tambirimbiri m'kanthu kamodzi, ndiye nkhupakupa imodzi inkagwira ntchito ya kabati yonse. Kena kakafa, kena kankatenga miyezi kuti kafike, chifukwa kankabwera m'thumba la jekete la munthu. Choncho a Jemusi ankatisamala kuposa ana.

Makinawo ankadya makhadi. Atsikana awiri ankakhala pambali n'kumaboola timabowo pa makhadiwo, ndipo timabowoto ndito tinali mawu. Munthu aliyense wa pafakitale anali ndi khadi lake. Buku la a Banda analikopera lonse, dzina ndi dzina, atatha analitentha, ndipo a Banda anawauza kuti ntchito yatha. Tsiku lochoka anandipeza pampopi. Anandiuza kuti kale munthu akafa ankangofufuta ndi labala n'kulemba zoona kuti thupi lipite kwa eni ake, koma bowo sadziwa kuti angalitseke bwanji. Sindinawamvetse bwino.

Tizidutswa ta mapepala totuluka m'timabowoto ndinkatiwola n'kutiika m'mapepala a shuga. Kutchalitchi kukakhala ukwati, amayi ankatiwaza pamutu pa akwati, ndipo ndinatchuka nato.

Chaka chimene malire a ku Mozambiki anatsekedwa chifukwa cha nkhondo, mwezi wa Okutobala, chimakina cha mphepo chija chinafa. Kompyuta inatentha n'kuyamba kusindikiza zopanda pake, ndipo anaizimitsa. Bwana Sokosi ankangozungulira ngati munthu amene mwana wake ali mu chipatala. Patatha masiku anayi anapeza china. Galimoto yokwezera katundu inalibe mafuta, choncho anaitana amuna asanu ndi atatu kuti achikweze padenga ndi zingwe. Yotamu anali pansi, akuchiwongolera ndi manja kuti chisagunde khoma.

Ine ndinali m'kati. Ndinamva kugunda kumodzi, ndipo fumbi linatsika kuchokera kudenga.

Nditatuluka ndinaona miyendo yake itatulukira pansi pa chimakinacho. Ndinaizindikira ndi chigamba cha pabondo chimene ndinasoka ndekha. Ndinayamba kuthamanga, koma kapitawo, mwamuna wa ku Mchinji, anandigwira mkono n'kundikanikiza kukhoma. Anandinong'oneza kuti ndikalira ngati mkazi wake, azungu afunsa, chitupa chidziwika kuti n'chobwereka, ndipo thupi silituluka.

Bwana Sokosi anafika akuthamanga. Anagwada, n'kuyamba kupapasa mapaipi a chimakinacho kuti aone ngati aphwanyika. Atatha ndi pamene anauza amuna aja kuti achinyamule. Atandiona, anandikodola. Anati fumbi lagwera pa makhadi, ndipite ndikapukute msanga.

Ndinapita. Ndinapukuta. Galimoto ya ku mochale weniweni inabwera n'kupita ine ndili m'katimo.

Mawa lake chimakina chija chinali padenga, chikugwira ntchito. Kompyuta inatulutsa pepala: Aroni Phiri, wamwalira, mkazi wake Esinati. Ku mochale anati thupi la mlendo amalipereka kwa mkazi wolembedwa papepala la kuntchito, atabwera ndi kalata ya ukwati, ndipo bwana wake atasaina kuti wamuona. Pakapanda kubwera munthu, Loweruka akaidi adzalikwirira m'dzenje limodzi ndi ena opanda abale. Linali Lachitatu. Esinati anali ku Dedza, kuseri kwa malire otsekedwa. Mkazi wina aliyense wa ku Mufakose akanatha kunena kuti ndi Esinati, kupatula ine, amene Bwana Sokosi ankandiona tsiku ndi tsiku, ndipo khadi langa linkati mwamuna wanga ali moyo kumudzi.

Ndinadikira kuti a Jemusi akhale okha. Ndinagwada pansi pozizirapo n'kuwapempha kuti aboole khadi lina, achotsepo Esinati aikepo Dolika. Ndinali nditaona atsikana aja akuchita zimenezo, sizinkatenga nthawi yotafuna chingamu n'komwe.

Sanandiyang'ane. Anati khadi ndi losavuta, koma mayina onse analowa kale mu tepi ya kompyuta, ndipo chilichonse chosinthidwa makina amachisindikiza papepala limene Bwana Sokosi amawerenga madzulo aliwonse.

"Ndili ndi ana asanu, mayi," anatero. "Bweretsani Esinati."

"Ndimutenge kuti?"

"Makinawa sanamuonepo nkhope."

A Banda, atachotsedwa ntchito, anakhala mkulu wa sosaite yathu ya maliro. Iwo ndiwo anaganiza zoti Esinati akhale Mai Zuze, mkazi wa ku Tete amene ankagulitsa matimati pakona, n'kumagona m'kakhitchini ka anthu ena. Anathawa nkhondo kwawo. Mwamuna wake anawomberedwa m'munda iye akuona, ndipo anathawa osamukwirira. Chinyungwe cha kwawo chinkamveka m'kalankhulidwe kake, koma a Banda anati mzungu sangasiyanitse. Poyamba Mai Zuze anakana, akuti kukhala pamphasa ya mwamuna wa mwini kumaitana tsoka. Ndinamugwira mapazi. Anavomera, koma anati ndimuuze kaye kuti malemuwo anali munthu wotani, chifukwa sangalire munthu wosamudziwa. Ndinamuuza kuti ankakonda mbatata yootcha, kuti ankaimba besi molakwitsa, ndiponso kuti sanandimenyepo. Kenaka ndinamuphunzitsa mayina a mudzi ndi a ana a Esinati, n'kumumanga mpango wanga wakuda.

Lachisanu m'mawa a Banda anabwera naye kuofesi. Ine ndinali pantchito, chifukwa ndinalibe chifukwa chopemphera tchuthi. Bwana Sokosi anandiitana. Anati popeza ndine wa dziko limodzi ndi mayiyu, ndimumasulire mawu ake. Anayankhula Chilapalapa, chilankhulo chosakaniza chija ankatiyankhulira tonse, ndipo ine ndinaima pakati pawo ndi kansalu kanga m'manja.

Anati ndimuuze kuti mwamuna wake anali boyi wabwino. Ndinamuuza. Anati ndimuuze kuti ngoziyo inachitika chifukwa mwamuna wakeyo anaima pamalo olakwika. Ndinamuuza. Anati ndimufunse ngati wamva. Mai Zuze anandiyang'ana ine, osati mzunguyo, ndipo anayamba kulira. Sanali kunamizira. Ankalira mwa kwawo, mokoka mawu, mpaka atsikana oboola makhadi anasiya ntchito n'kusuzumira. Bwana Sokosi anasaina mofulumira. Potuluka anandiuza kuti amayi akwathu amakonda amuna awo kwambiri, ndipo anafunsa ngati wanga amandilembera makalata.

Ndinati amalemba.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo, kuti thupi likafika kunyumba ndikhala pamalo panga. Koma Loweruka Bwana Sokosi anabwera yekha, kutsogolo kwa lole ya fakitale imene inanyamula bokosi. Sindikudziwa chimene chinamubweretsa. Mwina zimene ankaona kutchire zinkamuvutitsa. Azungu sankabwera ku maliro athu, ndipo ena a mumzere anaona ngati ulemu waukulu. Anamupatsa mpando pakhomo penipeni, pomwe ankaona zonse za m'nyumba.

Choncho Mai Zuze anakhala pamphasa, kumutu kwa bokosi, amayi a chigwirizano atamuzungulira. Rute anamutengera kwa aneba, kuopa kuti anganditchule amayi. Ine ndinkatunga madzi ndi kugawa tiyi. Poona nkhope ndinadutsa pamzere ngati ena onse, pakati pa mkazi wa kapitawo ndi mayi wina wogulitsa malasha. Anali atamumanga nsalu kuchibwano. Ndinafuna kumukonza kolala, imene inapindika mbali imodzi monga ankachitira nthawi zonse, koma wa kumbuyo kwanga anandikankha pang'ono kuti ndiziyenda.

Kumanda abusa, amene ankadziwa zonse, anapemphera osatchula dzina. Ankangoti mbale wathuyu. Koma pachitsulo chozika kumutu panalembedwa zimene zinali papepala, chifukwa a kumanda amayang'ana. Ataitana namfedwa kuti aponye dothi, Mai Zuze anapita atagwiriziridwa mbali zonse. Anaponya kawiri. Ine ndinali kumbuyo, pafupi ndi lole, ndikugwirira Bwana Sokosi chipewa chake.

Anakhala mpaka manda atadzaza. Galimoto yake itapita, amayi aja anatembenuka onse n'kubwera kwa ine, ndipo ndi pamene ndinalira. Koma panalibenso choti ndione. Panali mulu wa dothi lofiira ndi dzina la mlamu wanga.

Mai Zuze anandibwezera mpango. Anandiuza kuti dothi loyamba anaponyera mwamuna wanga, lachiwiri wake, ndipo ndimukhululukire. Ndinati palibe chokhululukira.

Tsitsi ndinameta, koma Lolemba ndinamanga duku yamaluwa n'kupita kuntchito. Zakuda sindinavale. Tizidutswa ta mapepala ndinapitiriza kusesa, koma kutchalitchi sindinapitenso nato. Patapita miyezi itatu kunabwera kalata yoti nyumba ya malemu Aroni Phiri ikufunika. Ine ndi Rute tinakalowa m'kakhitchini kaja ka Mai Zuze, ndipo tinakhala limodzi mpaka iye anamwalira. Ndinagwira m'chipinda chozizira zaka zina zinayi. Chaka chilichonse ankatipatsa pepala loti titsimikize ngati zolembedwa zathu zili bwino, ndipo chaka chilichonse ndinkadinda chala pansi pa mawu akuti mwamuna wanga, Yotamu Phiri, ali ku Malawi.

Nkhondo itatha njira inatseguka, ndipo ndinapita ku Dedza nditanyamula jekete la Yotamu kuti abale ake alione. Apongozi anga anali atamwalira. Aroni ndinamupeza atakhala pakhonde, wowonda, akutsokomolabe. Kalata ya makina ija yoti wamwalira inali itafika kale kuboma, ndipo kuchokera kumeneko inafika kumudzi. Anthu anayamba kumutcha malemu, ana akamuona ankathawa mwamasewera, ndipo iye ankakhulupirira kuti matenda ake anakula kuyambira tsiku limenelo. Ndinagwada n'kupereka dzanja. Sanalilandire.

"Munandikwirira ndili moyo, alamu," anatero.

Ndinati chitupacho anapereka yekha. Anati anapereka chogwirira ntchito, osati chofera.

Esinati anatuluka m'nyumba akupukuta manja, wonenepa bwino. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndamva kuti ndinalira bwino ku Halale," anatero.

Jekete analandira, ndipo mawa lake ndinaliona pathupi pa mwana wawo wamkulu akupita kumsika. Palibe anafunsa kuti Yotamu anafa bwanji. Ndinakhala sabata imodzi n'kubwerera.

Nditafika ndinapita kuofesi ya kumanda kukapempha kuti asinthe dzina. Tsopano munali anthu akuda okhaokha, ndipo anandilandira bwino. Anati ndibweretse pepala losonyeza kuti Yotamu Phiri anamwalira. Ndinapita kufakitale. Bwana Sokosi anali atasamukira ku Joni, a Jemusi atapuma ntchito. Kompyuta ija anali ataigulitsa kwa ogula zitsulo zakutha, ndipo m'malo mwake munali kena kakang'ono kokhala patebulo. Chipinda chozizira chinali chosungiramo utoto. Mnyamata wa muofesi anafufuza mayina onse amene anasamutsidwa kuchokera mu matepi akale. Anapeza Aroni, womwalira. Yotamu anamupeza pamalo amodzi okha, pansi pa dzina langa. Anandiuza mokondwa kuti ndisadandaule, bambo ali moyo.

Aroni anamwalira mvula ziwiri pambuyo pake. Anamuika kumudzi, pafupi ndi mayi ake, ndipo ndinamva kuti ana ake anamumangira chiliza cha simenti cholembedwa bwino.

Ine ndimapitabe kumanda kuno chaka chilichonse mvula isanayambe, kukalimira udzu. Chitsulo chija chinachita dzimbiri, koma zilembo zikuwerengekabe. Aroni ali ndi manda awiri. Yotamu alibe.